Woyembekezera wa ku Matosinhos

Dokotala Valadares anatembenuza envulopu yanga ya bilu ya magetsi
najambula kuseri kwake
peyala lozondoka, lotambasula timikono tiwiri.
Anakhwatcha wakumanzere,
uja unapita mu Febuluwale, mimba itamera m'njira
ngati udzu pamng'alu wa phula.
Anakhwatchanso wakumanja, wotupa madzi,
umene anachotsa Lachiwiri lapitalo.
"Graciete, mazira alipo. Nyumba ilipo.
Chasowa ndi msewu."

Ndimagwira ntchito kufakitale ya nsomba za m'zitini,
tebulo lachitatu kuchokera pakhomo.
Sizasi m'dzanja: mutu, mchira, matumbo.
Nyengo yake ikafika, nsomba zimabwera zodzaza mazira,
zikwizikwi m'kathumba kamodzi.
Ndimakolowola ndi chala, kuika m'beseni lina.
"Amenewo apite padera," amatero kapitawo,
ndipo mawuwo amanditsamwa ngati munga.

Kumwezi ndimapitabe.
Dzira limanyamuka nthawi yake
ngati mlendo amene sanamve uthenga,
kufika pamene panali mlatho,
kuima, kusuzumira tsidya,
kenako zii.
Thupi langa palibe analiuza.

Dokotala anawerenga pa zala, osabisa kanthu:
majakisoni pamimba, usiku ndi usiku,
singano yaitali yokatola mazira ine ndili mtulo,
mbewu ya Amílcar m'kabotolo kolembedwa dzina,
chinkhoswe chonse kuchitikira m'kambale
pansi pa diso la mtsikana wovala zoyera.
Masiku angapo, mluza umodzi kuubwezera kwawo,
otsalawo kuwagoneka m'chisanu.
"Sindikulonjeza," anatero.
"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri nazo zimayankhula."

Amílcar amayendetsa kireni kudoko la Leixões.
Si munthu wa mawu ambiri.
Tili m'basi anayang'ana pawindo mpaka tinadutsa msika,
ndiye anati: "Bwenzi ndi ntchito yanga yomweyo.
Kunyamula katundu pamwamba pa madzi,
kumutsitsa pang'onopang'ono, osagwedeza."
Ndinaseka, ulusi wa pabala nkundikoka.

Dzina langa lili pamndandanda wa chipatala cha boma.
Choncho inde, apongozi, ndine woyembekezera:
ndikuyembekezera kalata,
ndikuyembekezera foni yosadziwika nambala,
ndimaiyankha ndi manja a mamba
nkupeza ndi ogulitsa inshuwalansi.
Kuchipatala cholipira akuti bwerani mawa.
Tinawerengetsera pa envulopu yomwe ija:
galimoto yathu yakale ingagule ulendo umodzi,
wopita wokha.

Mchemwali wanga Ilda, wa ana atatu,
anandigwira dzanja m'khitchini:
"Ukafuna mazira anga, tenga."
Ndinati anga alipo, Ilda, akungosowa bwato.
Komabe mawu akewo ndinawasunga.
Ndasunganso fomu ina m'dirowa, pansi pa masupuni,
ya ana amene anabadwa kale
ndipo nawonso ali pamndandanda wawo, kwinakwake,
kuyembekezera foni.
Ndalembapo dzina ndi adilesi basi.

Palinso njira imene sitiitchula:
ife awiri, chipinda chaching'ono chija
kusanduka mosungira njinga ndi makina osokera.
Masiku ena imandiopsa.
Lamlungu lina m'mawa, khofi ali pamoto, Amílcar akuliza mkonono,
sinandiopse konse,
ndipo ndinachita manyazi, kenako manyaziwo anatha.

Zipsera zitatu, zazing'ono ngati mabatani a malaya.
Ndimazipaka mafuta ndikasamba.
Fungo la nsomba silichoka m'zikhadabo,
ndimu wakanika, sopo wakanika;
namwino wina anandiuza kuti amayi ake ankanunkhira chomwecho.

Dzulo ndinatsuka filiji.
Ndinasuntha batala, ndinataya botolo la mpiru lotha ntchito,
nkusiya mpata pachitseko, waukulu ngati chikhatho,
pamene adzakhale majakisoni
amene sanandilembere.
Amílcar anafuna kuikapo mowa wake.
Ndinati ayi, pamenepo pali mwini.